Banja la Meyer silinalephere ntchito yokhoma zombo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa zomwe ena akhala akunena, zoti kampani yokhoma zombo ya Meyer Werft ya ku Papenburg, m'dziko la Germany, inagwa chifukwa inali ya banja. N'zoona kuti mu 2024 boma la Germany ndi la chigawo cha Lower Saxony anatenga pafupifupi magawo 80 pa 100 a kampaniyi. Koma kuloza chala banjali n'kusadziwa kumene lachokera.

Willm Rolf Meyer anayamba ndi zombo zamatabwa mu 1795. M'tauniyo munali malo okhomera zombo pafupifupi 20, lero atsala a Meyer okha. Chinawapulumutsa n'chakuti mu 1872 Joseph Lambert Meyer anasiya matabwa n'kuyamba zombo zachitsulo zoyendera nthunzi, anzake akukakamirabe zakale.

Wokayikira luso lawo aone chombo cha Liemba cha panyanja ya Tanganyika. Anachikhoma ku Papenburg mu 1913, dzina lake lili Graf von Goetzen, n'kuchiphwasula n'kuchilongedza m'mabokosi pafupifupi 5,000. Mabokosiwo anayenda pamadzi mpaka ku Dar es Salaam, kenako pasitima yapamtunda mpaka ku Kigoma, ndipo amisiri atatu a kwa Meyer anapita komweko kukachilumikizanso. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itafika povuta mu 1916, Ajeremani anachimiza dala, koma asanatero anayamba apaka injini zake girizi wambiri kuti madzi asaziononge. Angelezi anachivuula mu 1924, ndipo pofika 1927 chinali chikunyamulanso anthu. Zimenezi zimandikhudza mtima. Munthu kupaka girizi injini yomwe akukaimiza, osadziwa ngati adzaionanso, ndiye kuti ntchito ya manja ake amailemekeza, ndipo ulemu wotere saphunzira tsiku limodzi.

Mu 2024 makasitomala analipo, maoda a zombo zikuluzikulu zonyamula alendo anali ambiri. Vuto linali kalipiridwe. Pantchito imeneyi wogula amangopereka kagawo kochepa poyamba, ndalama zambiri amadzalipira polandira chombo, choncho wokhoma amadalira ngongole kwa zaka zingapo. Mitengo ina anagwirizana mliri wa Covid-19 usanabwere, kenako chitsulo ndi magetsi zinakwera. Ngakhale kampani yopanda banja kumbuyo kwake ikanapuma movutikira.

Nkhawa yanga ili pa amisiri owotcherera zitsulo ndi achinyamata omwe akuphunzira ntchito kumeneko. Kodi boma lidzakhala ndi mtima wodekha wowasunga pamene phindu lachedwa, monga anachitira a Meyer kwa mibadwo isanu ndi iwiri?

Ine wanu,
Wowerenga