Wodwala sitiroko akatuluka m'chipatala, ntchito imatsalira ife osaphunzitsidwa

A Mkonzi,

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndine mayi wa ku Mtendere kuno ku Lusaka, ndipo miyezi 14 yakwana tsopano ndikusamalira atate anga amene anafa mbali yakumanja chifukwa cha sitiroko. Ndiloleni ndilankhuleko za ife amene timagwira ntchito imeneyi m'makomboni popanda wotiphunzitsa.

Atate ndi telala. Anachoka ku Katete ali mnyamata ndipo akhala akupalasa makina osokera pakhonde la shopu kwa zaka zoposa 40. Tsikulo m'mawa kapu ya tiyi inawapulumuka m'manja. Tinaseka, n'kumati ukalamba wafika. Pofuna kutiyankha, mawu anatuluka ngati a munthu woledzera, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Ndiulule kulakwa kwathu: sitinathamange nawo kuchipatala. Tinawagoneka, tinawasisita mkono ndi mafuta, wina anapita kukaitana abusa, ndipo azakhali pafoni kuchokera kumudzi ananenetsa kuti izi n'za anthu, pali amene wawaponyera chifukwa cha mkangano wa munda. Tinafika kuchipatala dzuwa litalowa. Atawajambula m'mutu ndi makina a CT scan, adokotala anati mtsempha wina wa mu ubongo watsekeka ndi magazi oundana, ndipo mbali imene inasowa magazi maola onsewo yawonongeka kale. Anatiuzanso kuti sitiroko ili mitundu iwiri. Pena mtsempha umatsekeka, pena umaphulika n'kumakha magazi m'mutu, koma kunja zimaoneka chimodzimodzi. N'chifukwa chake si bwino kumwetsa munthu aspirin kunyumba mtundu wake usanadziwike, poti kwa wophulika mtsempha magazi amangokha koposa.

Azakhali ndimawakumbutsa za malemu Levy Mwanawasa. Anali pulezidenti, wokhala ndi madokotala ndi asilikali usana ndi usiku, koma sitiroko inawagwira mu 2006, n'kubweranso mu June 2008 ali ku Sharm el-Sheikh ku Egypt pa msonkhano wa African Union, mpaka anamwalira ku Paris pa 19 August chaka chomwecho. Mfiti ya atate inali BP, imene anasiya kuimwera mankhwala chifukwa choti ankadzimva bwino.

Koma chimene chandilembetsa kalata ino ndi tsiku lotuluka m'chipatala. Sinditchula chipatalacho, ndipo anesi ake sindikuwaimba mlandu, chifukwa ndinaona ndekha mmene nesi mmodzi ankathamangira wodi yonse. Chimene tinapatsidwa ndi kapepala ka tsiku lobwereranso, mapiritsi a mwezi umodzi ndi mawu akuti "muziwatembenuza, muzibwera nawo ku mafizo." Kuwatembenuza motani, kangati, kuwagwira pati, kuwadyetsa chiyani, palibe anatisonyeza. Tinawakweza m'takisi ngati thumba la chimanga, wina kumutu wina kumiyendo, ndipo powatsitsa mlongo wanga anawakoka ndi mkono wakufawo. Phewa limenelo likuwawa mpaka lero. Patapita miyezi iwiri m'pamene wa mafizo, amene ntchito yake ndi kuphunzitsa odwala kulimbitsanso ziwalo, anatiuza kuti minofu yogwira phewa ikafooka, mkono umalendewera ndipo ukakokedwa umaguluka pamfundo. Mawu amenewa akanangonenedwa pakhomo la wodi, sakanatenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Kunyumba kunali mavuto amene kapepala kaja sikanawadziwe. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, chimbudzi ndi chokumba, chili panja ndipo timagwiritsa ntchito mabanja anayi. Munthu wosatha kuima anjuta bwanji pamenepo? Ndiye pali mwambo. Amayi anatisiya kale, mlongo wanga amagwira ulonda usiku, ndipo kwathu mwana wamkazi saona thupi la atate ake. Sabata yoyamba atate ankakana madzi dala kuti asafune kukodza mlongo wanga asanabwere. Ndinazindikira mochedwa, milomo itauma gwa. Tsiku limene ndinawasambitsa koyamba anatembenukira kukhoma, misozi ili mbwe, ine ndikungoyang'ana m'beseni.

Amene anatipulumutsa ndi agogo ena oyandikana nafe. Anabwera kudzazonda, anakhala pang'ono, kenaka anati, "Mwanawe, tavundukula bulangeti ndione zidendene." Zinali zitayamba kuda. Pamchira pa msana panali kale kachilonda kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Agogowo sanakalipe. Anaitanitsa chitenje, anachipinda kawiri n'kuchiyala pansi pa atate kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, ndipo anandionetsa kuti ukakoka chitenjecho munthu amatembenuka yekha, osamukoka mkono, iwenso msana osathyoka. Anati maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Anatenga zovala zakale za salaula n'kuzikulunga ngati mapilo, imodzi pakati pa mawondo, ina pansi pa mkono wakufawo, ina pansi pa akatumba kuti zidendene zisakhudze matiresi. Anachotsa pepala lapulasitiki limene ndinawagonekapo mwachindunji, n'kunena kuti thukuta ndi mkodzo zikakhala pakhungu ndiye chilonda chimathamanga, pamwamba pa pulasitiki pazikhala nsalu youma yopanda makwinya. Anapeza mpando wakale wamatabwa, mlongo wanga anauboola pakati, pansi tinaika chidebe. Nkhani ya chimbudzi inathera pomwepo.

Pa kadyedwe ndiye anandiopseza, ndipo anachita bwino. Ine ndinkawamwetsa tiyi ali chigonere, akatsamwa n'kumawasisita pamsana. Agogo anati sitiroko imafooketsanso minofu yomezera, ndipo chakumwa chikalowera njira ya mpweya chimakafika m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, chimene chapha odwala ambiri amene sitirokoyo inawasiya amoyo. Munthu azidya atakhala tsonga, supuni yaing'ono, phala lokhuthala bwino chifukwa zamadzimadzi ndizo zimatsamwitsa msanga, ndipo akamaliza asagone nthawi yomweyo. Pomaliza uziyang'ana m'tsaya la mbali yakufayo, poti nsima imabisala m'menemo mwiniwake osaimva.

Ndinawafunsa kuti zonsezi anaziphunzira kuti. Anaseka. Anati m'zaka za m'ma 1990, Edzi ikutha anthu ndipo mawodi atadzaza, iwo anali m'gulu la amayi a paparishi osamalira odwala m'makomo. Anaphunzitsidwa, ankapatsidwa magolovesi, sopo ndi mabandeji, ndipo aliyense anali ndi nyumba zake zoyendera. A Mkonzi, dziko lino ndi limodzi mwa amene anayambitsa chisamaliro chotere. Chipatala cha Chikankata cha Salvation Army chinayamba kuyendera odwala Edzi m'makomo mu 1987, ndipo anthu a maiko ena ankabwera kudzaphunzira. Ma ARV atabwera odwala aja anadzuka, tikuthokoza Mulungu, ndipo magulu ambiri aja anazilala. Koma pamabedi amene anatsala opanda anthu pagona ena tsopano, a BP ndi a shuga. Mumsewu mwathu mokha ndikudziwa nyumba zitatu. Luso lija likadalipo, lili m'manja mwa agogo okalamba amene palibe akuwafunsa.

Za mafizo ndinene mwachidule, chifukwa aliyense wa mu Lusaka akudziwa mmene minibasi imadzazira. Kondakitala sangadikire munthu wokoka mwendo, ndipo njinga ya olumala alibe poiika. Ndiye ndi takisi kupita ndi kubwera, ndipo nthawi ya mvula woyendetsa amakana kulowa m'komboni, mumanyamula wodwala mpaka kumsewu wa tala. Tinapita kanayi, ndalama ya chilimba inatha, tinasiya. Chomvetsa chisoni n'chakuti miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira ndi imene thupi limabwerera msanga, ndipo ndi miyezi yomweyo imene banja limakhala litatheratu ndi ngongole za kuchipatala.

Pa maulendo anayiwo ndinaphunzira chinthu chimene chinandivuta kuchilandira: kuchitira wodwala chilichonse n'kumupweteka. Ine ndinkawaveka, kuwadyetsa, kuwapukuta pakamwa, ndikuyesa ulemu. Mtsikana wa mafizo anandiletsa. Anati ubongo umaphunziranso pobwereza, ndipo mkono umene suyesedwa umauma n'kupindika. Anatipatsa zochita zosafuna makina. Atate amalukanitsa zala za manja onse awiri, dzanja lamoyo n'kukweza lakufalo pamwamba pa mutu. Akagona chagada amapinda mawondo n'kunyamula chiuno. Amadzuka pampando n'kukhalanso, kakhumi, ine nditaima kumbali yofookayo. Mlongo wanga anakhoma mitengo iwiri ya bulugamu kuseri kwa nyumba yoti azigwira poyenda. Ine ndinawabweretsera chitini chawo cha mabatani kuti azisankha akuda paokha, oyera paokha. Tsiku loyamba anachikankhira pansi mwaukali. Telala amene ankalowetsa ulusi m'singano osavala magalasi, lero batani likumukanika! Ndinatola, mawa lake ndinabweretsanso.

Alendo odzazonda ndili nawo mawu. Sitiroko ikagwira mbali yakumanzere ya ubongo, thupi limafa kumanja ndipo kawirikawiri mawu amasowa. Koma kusowa mawu si kusowa nzeru, ndiponso si kugontha. Anthu amalowa, n'kuyamba kukuwa m'khutu mwa atate, kapena kundifunsa ine kuti "kodi akudya?" eniake ali pomwepo akumva. Ena amafika pokambirana za makina osokera, kuti adzatenga ndani. Afunseni eniake, funso limodzi lalifupi, ndipo dikirani. Musawamalizire mawu. Chodabwitsa n'chakuti atate, amene dzina langa limawakanika, amayi a chigwirizano akabwera n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku amaimba nawo ndime yonse osaphonya. Wa mafizo anati zimenezi zimachitika kwa ambiri. Kuliralira ndi kukana chakudya nakonso si kuderera. Kukhumudwa kwakukulu kumabwera kawirikawiri pambuyo pa sitiroko, ndipo n'koyenera kukauza adokotala monga mmene timanenera za BP.

Za ine mwini sindinena zambiri. Ndinali ndi tebulo la tomato ndi kapenta pamsika, pano pali wina. Abale akumudzi amaimba foni kufunsa za odwala, ndipo n'zabwino, koma sindikumbukira amene anafunsapo ngati ine ndagona. Kuphika kokha ndinasintha: mchere pang'ono, soda m'ndiwo ndinasiya, kapenta ndimayamba ndamuviika m'madzi. Mapiritsi a BP sadumpha tsiku, chifukwa amene wagwidwapo kamodzi sitiroko imatha kumubwereranso.

Pempho langa loyamba likupita ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo silifuna nyumba yatsopano kapena makina. Wodwala sitiroko asatuluke m'wodi wachibale mmodzi asanaonetsedwe ndi manja, osati pakamwa pokha, katembenuzidwe, kanyamulidwe ndi kadyetsedwe. Pakhale kapepala ka zithunzi m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi zilankhulo zina koti tizipachika kukhoma. Ophunzira za mafizo ndi unesi m'makoleji a mu Lusaka muno angathe kugwira ntchito imeneyi pamene akuphunzira.

Lachiwiri ndi la kubweretsa mafizo pafupi. Zipatala za m'makomboni a Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama zinakulitsidwa kuti anthu asamathamangire ku chipatala chachikulu cha UTH pa chilichonse. Nzeru yomweyo ipitirire mpaka pakhomo. Wa mafizo mmodzi ataphunzitsa anthu odzipereka a m'komboni, n'kumawayendera kamodzi pamwezi, nyumba zambiri zingafikiridwe kuposa odwala amene angakwanitse takisi. Ndalama ya boma ya chitukuko cha m'madera, ya CDF, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse mu 2022. Makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'madera aganizireko zogula njinga za olumala, ndodo zoyendera ndi mipando ya chimbudzi zoti zizibwerekedwa pakiliniki, wina akachira kapena akatisiya n'kupita kwa wina. A NHIMA, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo, nawonso aone ngati ulendo wa wa mafizo wopita kunyumba ya wodwala sungalowe pa zimene inshuwalansi imalipira. Ndipo a Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe la boma loona za anthu olumala, azifika m'mawodi a m'zipatala momwemo kudzalembetsa anthu, chifukwa mabanja ambiri sadziwa kuti munthu wolumala ndi sitiroko ali m'gulu la otetezedwa ndi lamulo la anthu olumala la 2012, kapena kuti angafunsire thandizo la ndalama la boma la Social Cash Transfer.

Mipingo isadikire boma. Pa 29 October chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira matenda a sitiroko. Lamulungu loyandikira tsikulo, m'malo mwa zolengeza zazitali, muitaneni nesi wa mumpingo mwanu ayeze anthu BP pakhomo la tchalitchi ndipo anene zizindikiro zitatu zimene ife tinaziseka: pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mawu kusokonekera. Zikaoneka, pemphero lichitikire m'galimoto popita kuchipatala. Kenaka funsani kuti mumpingomo ndani anali m'magulu aja osamalira odwala m'makomo. Muwapeza, ambiri akhala kumabenchi akutsogolo chifukwa makutu ayamba kuvuta. Apatseni achinyamata asanu aliyense, amuna akhalepo, pakuti abambo odwala akusowa amuna anzawo owasambitsa.

Atate tsopano amayenda ndi ndodo kuchoka pabedi kufika pakhonde. Dzanja silinabwerere lonse ndipo mwina silidzabwerera. Sabata yatha anandilozera makina awo, ndinawavundukula, anaika phazi lamanzere pachopondera n'kupalasa opanda nsalu kwa kanthawi. Agogo aja ndiwo akudwala miyendo masiku ano, ndipo Loweruka ndikupita nawo kukiliniki kukayezetsa BP.

Ine wanu,
Mwana wa telala,
Mtendere, Lusaka