Abulu ndi mahatchi asadyetsedwe ngati ng'ombe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene alangizi a ziweto saikhudza kawirikawiri. Abulu okoka ngolo achuluka m'maboma ngati Dedza ndi Lilongwe, ndipo mahatchi alipo ochepa m'mafamu ndi m'malo okopa alendo, koma uphungu wa kadyetsedwe umene alimi timalandira ndi wa ng'ombe ndi mbuzi basi.

Bulu ndi hatchi sizibzikula, zili ndi chifu chimodzi, ndiponso sizitha kusanza, choncho chiphe chikalowa m'mimba sichibwerera kukamwa. Taonani lukina, amene takhala tikulimbikitsidwa kudzala kuti ng'ombe zamkaka zizidya. Ng'ombe imapirira masamba ake ngati sanachulukitse, pamene hatchi kapena bulu wodya lukina tsiku ndi tsiku amayamba kuthothoka ubweya wa pakhosi ndi wa kumchira, amawonda, ndipo ziboda zimawonongeka. Mlimi akaona zimenezi amathamangira mankhwala a nkhupakupa, osadziwa kuti vuto lili m'mtolo umene iye mwini amadula m'mawa uliwonse.

Choopsa kwambiri, m'kuona kwanga, ndi chimanga chochita chuku pamodzi ndi madeya ake. Tili ndi chizolowezi chosankha chimanga chowola m'nkhokwe n'kuchiponyera ziweto poopa kutaya. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa fumonisin, amene amawononga ubongo wa mahatchi ndi abulu: chiweto chimayenda mozungulirazungulira, chimakanikiza mutu kukhoma, chimaleka kuona, ndipo zikafika pamenepo n'chapatali kuti chipulumuke. Mukafunyulula madeya m'dzanja n'kumva fungo la chinyontho, kapena akaumbika zibuluma, musampatse bulu ngakhale pang'ono.

Njere za nsatsi nazo zimapha, makamaka zikasakanikira ndi chakudya. M'matauni muli oleander, duwa lija la masamba aataliatali ndi maluwa ofiira kapena oyera, limene masamba ake ochepa chabe amaimitsa mtima wa hatchi, ngakhale atauma. Tsoka ilo, anthu akasadza mipanda yawo amataya nthambi m'mphepete mwa msewu, pomwe anyamata a ngolo amamangirira abulu podikira katundu.

Chiweto chokhuta chimazemba zomera zowawa. Ngozi imakula mu Okutobala ndi Novembala, msipu utauma kapena utapsa ndi moto wolusa, pamene chobiriwira chotsala ndi lantana ndi zitsamba zina zimene bulu sakanazinunkhiza n'komwe m'dzinja. N'chifukwa chake kusunga udzu wouma ndi masangwi a mtedza opanda chuku kumateteza kuposa mankhwala.

Ndikupempha nthambi yoona za ziweto ku Unduna wa Zamalimidwe kuti isindikize zithunzi za zomera zimenezi ndi mayina ake m'Chichewa, n'kuzipachika m'misika momwe mumaima ngolo. Kwa alimi anzanga, chiweto chikayamba kugubuduzika kapena kutuluka thovu kukamwa, itanani mlangizi msanga ndipo mumusonyeze zotsala za chimene chinadya.

Mlimi woweta abulu,
Dedza