Amayi ovutika ndi mankhwala opha ululu tisawasiye m'mbuyo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za anthu amene asanduka akapolo a mankhwala opha ululu a gulu la opioid, monga tramadol, codeine ndi pethidine, makamaka za kusiyana kwa abambo ndi amayi pa kufuna chithandizo.

Lipoti la 2024 la bungwe la United Nations loona za mankhwala ozunguza bongo ndi umbanda la UNODC linasonyeza kuti pa dziko lonse, mwa amuna 7 alionse amene ali ndi vuto la mankhwala ozunguza bongo, mmodzi amalandira chithandizo, pamene mwa akazi ndi mmodzi yekha mwa 18. Kuno ku Mulanje zifukwa zake sizovuta kuziona. Mwamuna akalowerera, abale amasonkherana ndalama n'kupita naye ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, uku akunena kuti anamusocheretsa ndi anzake. Mayi akapezeka ndi vuto lomwelo, amamunena kuti ndi wopanda khalidwe, ndipo mantha oti banja litha amamuchititsa kubisa. Komanso kuno kuchikamwini ana amayang'ana kwa mayi, choncho kuchoka pakhomo milungu ingapo kupita ku Zomba, kapena ku chipatala cha St John of God ku Lilongwe, n'kovuta kwa munthu wothyola tiyi amene malipiro ake amadalira makilogalamu a tsikulo.

Amayi ambiri sayamba mankhwalawa pofuna chisangalalo ayi. Amayamba chifukwa cha msana, mutu kapena ululu wa pambuyo pa opaleshoni, thupi n'kuzolowera, mlingo n'kumakwera. Akatswiri anapeza kuti akazi amafika msanga pa ukapolo wa mankhwala kuposa amuna, kotero kuchedwa kumawapweteka kwambiri. Choopsa china n'chakuti mayi woyembekezera akasiya mwadzidzidzi, payekha, akhoza kupita padera. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kumuthandiza ndi methadone kapena buprenorphine, mankhwala olowa m'malo mwa amene anawazolowera, moyang'aniridwa ndi achipatala. Anzathu a ku Tanzania anatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti uphunzitse anamwino a kusikelo ndi a zakulera kufunsa za mankhwalawa mwachinsinsi, popeza kumeneko amayi amapitako kale popanda wowaloza chala, ndiponso kuti uphungu uzipezeka pa zipatala za maboma a Mulanje ndi Thyolo. Nalo bungwe loyang'anira za mankhwala m'dziko muno la PMRA likhwimitse dzanja pa ogulitsa mankhwalawa popanda kalata ya dokotala.

Wowerenga wanu,
Chitakale, Mulanje