Ankandiona ndikulira maliro a munthu wamoyo, osandiuza

Azakhali,

Ndikulemba pakati pa usiku, ana agona, ine tulo tandithawa. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Nchalo, ndipo amuna anga amagwira ntchito kuminda ya nzimbe. Samenya, sagona kunja, ndalama amasiya. Ndanena izi msanga kuti musandiyankhe ngati akunyumba kwathu, amene amangoti ndithokoze Mulungu.

Sabata yathayi apongozi amayenera kubwera kuchokera kwa Tengani. Ndinakongola ndalama ya nkhuku kwa mnzanga wa kusukulu, ndinapita kuchigayo ndi mapira chifukwa iwo nsima ya chimanga saikonda, ndinachapa ngakhale nsalu za pazenera. Bambowa anali atauzidwa m'mawa kuti ulendo walephereka. Anakhala pakhonde kumandiyang'ana ndikusosola nkhukuyo, osanena kanthu. Nditafunsa madzulo akuti, "Ndimayesa wangolakalaka nkhuku." Pakati pa mwezi, ine ndi ngongole, ndilakelake nkhuku?

Koma si nkhuku yandigoneka maso. Ndi za Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Mayi anga amakhala ku Makhanga, kumene Shire ndi Ruo akasefukira munthu sungafikeko popanda boti. Madzi a mu 2015 anatigwetsera kale nyumba komweko. Foni yawo sinkapezeka, yanga nayo inatha moto poti magetsi kunalibe. Wina anandiuza kuti anawaona akubwerera kukamasula mbuzi madzi ali m'chiuno. Mumtima ndinali nditawaika kale m'manda. Osadziwa kuti madzulo omwewo mlongo wanga anaimbira mlamu wakeyu kuti mayi awolotsedwa, ali kumsasa ku Bangula. Iwo anayamika, nkukagona, ine ndikusisima pamphasa pambali pawo mpaka kunja kuyera. Ndinadzamva mawa lake dzuwa litapendeka kwa mayi wina wa kutchalitchi.

Yankho la amuna anga linali lomweli: "Ndimayesa ukudziwa, amake mwana. Ndimayesa ukulirira nyumba ndi mbuzi." Masiku amenewo sitinkalankhulana bwino, pa chifukwa china chomwe sindingalembe m'nyuzipepala. Komabe ngakhale mdani, ukamuona akulira choncho, sumuuza kuti amake ali moyo?

Kukoleji ya uphunzitsi tinaphunzira za mayeso omwe akatswiri anayamba kuyesa nawo ana mu 1983. Mwana amaonetsedwa chidole chikubisa chinthu penapake nkutuluka, wina nkusuntha chinthucho. Ukamufunsa komwe chidolecho chikafunefune chikabwerera, wa zaka zitatu amaloza pomwe chinthucho chili tsopano, chifukwa amayesa kuti zomwe akudziwa iye aliyense akudziwa. Akafika zaka zinayi kapena zisanu amazindikira kuti mnzake angakhulupirire zomwe sizili zoona. Ine ndinkati munthu akadutsa msinkhu umenewo basi, zimangochitika zokha ngati kupuma. Ndiye bambo wa imvi alephere za mwana wa kumkaka?

Mng'ono wanga amene ali kuyunivesite akuti ndisathamangire kuweruza. Akuti mu 2006 ofufuza ena ku England anapeza kuti akuluakulu akafunsidwa mwadzidzidzi zomwe munthu wina akuganiza, amachedwerapo kuyankha kusiyana ndi akafunsidwa za chinthu chenichenicho, pokhapokha atauzidwiratu kuti azitsatira maganizo a munthuyo. Kutanthauza kuti pamafunika kuikapo mtima. Koma akutinso ena mu 2010 anapeza kuti ubongo umatsatira wokha zomwe wina akukhulupirira, ngakhale osautuma, ndipo akatswiriwo mpaka pano akutsutsana. Iye ankafuna kunditonthoza, koma wandiwonjezera ululu. Ngati zimachitika zokha, ndiye kuti amuna anga anadziwa bwinobwino zomwe ndinkalirira, anangondisiya dala kuti ndimve kuwawa. Ngati zimafuna kuikapo mtima, ndiye kuti usiku wonse uja sanandiganizire ngakhale pang'ono. Ndisankhe ziti pamenepa?

Chondizunguza nchakuti pa bawo bambowa amadziwa zomwe mnzawo akuganiza asanagwire nkhomo. Kumsika wa ziweto amadziwa kuti wogulitsa akuyesa kuti iwo sadziwa mtengo. Nzeru zimenezi zimathera pachipata cha nyumba yathu? Iwo akuti vuto ndine, ndimakhala chete kuyembekeza kuti alosere. Ndikanafunsa bwanji za foni yomwe sindinkadziwa kuti yalira?

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi munthu wamkulu angayang'anedi mkazi wake akulira osadzifunsa kuti akudziwa chiyani, sakudziwa chiyani? Nanga zimenezi munthu angaphunzire atakula? Ndikapita kwa ankhoswe ndikanene kuti walakwa chiyani, poti sanandinamize, sananditukwane? Ndipo mayi anga, amene amamutama mkamwini wawoyu kuti ndiye anali woyamba kumva za kupulumuka kwawo, ndiwauze kapena ndisiye?

Ine wosweka mtima,
Nchalo, Chikwawa