Podzudzula mafilimu a nthano za sayansi, tiziloza pomwe padathyoka

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhule za mkangano womwe suzirala pakati pa okonda mafilimu a nthano za sayansi, aja a zombo za m'mlengalenga ndi maiko akutali. Ena amati anthu amenewa ndi osayamika, chatsopano chilichonse amangochinyoza. Ine ndikuti madandaulo awo ambiri ndi omveka, koma mkwiyo amautula pa munthu wosalakwa.

Tiyambe ndi Star Wars. Kampani ya Disney idagula Lucasfilm, kampani yopanga Star Wars, mu 2012 pa mtengo woposa madola 4 biliyoni, n'kulonjeza mafilimu atatu otsatizana. The Force Awakens idatuluka mu 2015 motsogozedwa ndi J.J. Abrams, The Last Jedi mu 2017 m'manja mwa Rian Johnson. Yachitatu adaipereka kwa Colin Trevorrow, koma iye adachokapo mu 2017, Abrams n'kubwerera kudzamaliza The Rise of Skywalker mu 2019. Onani mipata yake: zaka ziwiriziwiri. Atatu oyambirira a George Lucas, woyambitsa Star Wars, adatuluka mu 1977, 1980 ndi 1983, zaka zitatuzitatu. Kufupika kwa nthawiku kudachititsa kuti Johnson alembe filimu yachiwiri yoyambayo isadathe n'komwe kukonzedwa.

Zotsatira zake aliyense woonera adaziona. Filimu yoyamba idafunsa kuti makolo a Rey, mtsikana yemwe ndi mwini nkhani, ndani. Yachiwiri idayankha kuti anali anthu wamba opanda dzina. Yachitatu idatembenuza lilime n'kunena kuti Rey ndi mdzukulu wa Palpatine, mfumu yankhanza ya m'mafilimu oyambirira. Snoke, yemwe adamuonetsa ngati mdani wamkulu, adaphedwa pakati panjira, ndiye pofika kumapeto padalibe womenyana naye, mpaka kukadzutsa Palpatine yemwe tidamuona akufa mu 1983, mafilimu awiri am'mbuyo osatchulako za kubwerera kwake ngakhale pang'ono. Filimu yomalizayo imaoneka kuti inkafuna kusangalatsa okwiya ndi yachiwiri komanso oikonda nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Wina anena kuti imfa ya Carrie Fisher, yemwe ankasewera Leia, mu December 2016 idasokoneza zonse. N'zoona, ndipo palibe angaimbidwe mlandu pa imfa. Koma mlembi wodziwa ntchito amakonzekera zakugwa mwadzidzidzi. J. Michael Straczynski adakonza sewero la pa TV la Babylon 5 ngati nkhani imodzi ya zaka zisanu, ndipo mwa magawo 110 adalemba yekha 92. Aliyense mwa anthu akuluakulu m'nkhaniyo adamukonzera khomo lotulukira, kuti wochita sewero akasiya ntchito nkhani isafe. Khomolo lidagwira ntchito: wochita sewero Michael O'Hare atachoka pakutha pa sizoni yoyamba, Bruce Boxleitner adalowa ngati mtsogoleri watsopano, nkhondo yomwe idakonzedwa kuyambira pachiyambi n'kupitirira. Dongosolo lotere silifuna ndalama zambiri. Limafuna kuti mathero adziwike kamera isadayatsidwe, funso lililonse lofunsidwa poyamba likhale ndi yankho lolembedwa kale, ndiponso pakhale munthu mmodzi wosunga nkhani yonse.

Dandaulo lina lomwe anthu amalipeputsa ndi la malamulo a dziko la m'nthanomo. Amati, "Si zabodza zonsezi, mukuvutikiranji?" Ayi. Woonera amalola bodza limodzi lalikulu, monga chombo chothamanga kuposa kuwala, koma akalilola amayembekeza kuti lizigwira ntchito mofanana lero ndi mawa. Mu The Last Jedi, mtsogoleri wa asilikali Holdo akulunjika chombo chake pa adani, n'kuchiwombetsa pa liwiro loposa kuwala, zombo zikuluzikulu kung'ambika pakati, phokoso lonse zii. Kukongola kwake palibe angatsutse. Koma funso la okonda mafilimuwa nalonso ndi lolondola: ngati zimenezi zimatheka, bwanji sadangowombetsa chombo chopanda anthu pa Death Star, chida chachikulu cha adani m'mafilimu oyambirira, m'malo motaya miyoyo ya oyendetsa ndege ambirimbiri? Chida chatsopano chikafooketsa nkhondo zonse zam'mbuyo, mlembi ayenera kuonetsa malire ake pomwepo.

Nkhani ya pa TV ya The Expanse ndiyo imasonyeza phindu losunga lamulo. M'menemo munthu amaima pansi m'chombo pokhapokha injini ikukankha; ikazima, zinthu zonse zimayandama. Chombo chikafika theka la ulendo chimatembenuka, injini n'kuloza komwe chikupita kuti chichepetse liwiro. Chikathamanga kwambiri, okwera amamangidwa m'mipando n'kubayidwa mankhwala kuti asakomoke. Lamulo limodzi lomweli ndi lomwe limabala mantha onse pankhondo, chifukwa woonera akudziwa kuti kuthawa mdani kungaphe okwera ako omwe.

Palinso kufupika kwa masizoni. Star Trek: The Next Generation inkatulutsa magawo pafupifupi 26 pachaka, onse pamodzi 178 m'masizoni asanu ndi awiri. Star Trek: Strange New Worlds idatulutsa 10 pa sizoni m'masizoni ake oyamba. Magawo akachepa chomwechi, malo oti timudziwe dokotala kapena injiniya wa m'chombo amasowa, ndiye akamwalira sitimva kanthu.

Tsopano, pa zonsezi, ndi chiti chomwe wochita sewero adalamula? Palibe. Komatu Kelly Marie Tran, yemwe adasewera Rose, adafufuta zonse zomwe adaika pa Instagram mu 2018 atatopa ndi zonyoza za mtundu wake ndi maonekedwe ake. Ahmed Best, yemwe adasewera Jar Jar Binks mu 1999, adaulula mu 2018 kuti chipongwe chidamufikitsa poganiza zodzipha. Anthuwa adapatsidwa mawu olembedwa kale, adauzidwa poima ndi poyang'ana. Izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa kuwonjezera pa kuvulaza munthu, zimapatsa makampani pobisalira. Akaona matukwana, amaunjika odandaula onse m'dengu limodzi, funso labwino lija la Death Star n'kutayidwa pamodzi ndi zinyalala. Ngakhale Rotten Tomatoes, webusaiti ya ndemanga za mafilimu, idakakamizika mu 2019 kutseka ndemanga za mafilimu omwe sadatuluke, gulu litayamba kunyoza Captain Marvel lisadaione.

Mphamvu okonda mafilimu ali nayo, akailunjika koyenera. Mu 1968 makalata ochuluka opita ku kanema wa NBC adathandiza kuti Star Trek ipeze sizoni yachitatu, ndipo magawo ake atafika 79 adakwanira kuwulutsidwa mobwereza kwa zaka zambiri, mbiri yake n'kukulira pomwepo. Mu 2018 kanema wa Syfy atasiya The Expanse, otsatira adasonkha ndalama n'kuulutsa ndege yokoka chikwangwani pamwamba pa maofesi a Amazon Studios, ndipo Amazon idaitenga n'kupanga masizoni ena atatu. Magulu onse awiri adadziwa yemwe amasaina ndalama, adamuuza chinthu chimodzi chomveka, ndipo sadatukwane aliyense.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mukamasindikiza maganizo a owerenga pa mafilimu otere, muziwafunsa zinthu zitatu izi: atchule malo enieni m'filimu pomwe padalakwika, anene lamulo kapena lonjezo lomwe lidaswedwa ndi komwe lidakhazikitsidwa, kenaka aloze ngati vuto ndi la mlembi, la wotsogolera kapena la kampani yomwe idaika tsiku lotulutsira. Kalata yongonyoza nkhope kapena khungu la wochita sewero musaipatse malo.

Ine wanu,
Wokonda mafilimu a nthano za sayansi