Tikonze maboti ndi madoko asanatsegule Chilwa ndi Mbenji

Akonzi,

Tipatseni malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi eni maboti, alovi (ogwira ntchito m'maboti a usodzi), makomiti a m'madoko ndi akuluakulu a nthambi ya zausodzi. Nyanja ya Chilwa, yomwe imatsekedwa pa 1 Disembala, itsegulidwa Febuluwale akatha, ndipo mu Epulo Mfumu Yaikulu Makanjira ya ku Salima imatsegula usodzi pa chilumba cha Mbenji, pa nyanja ya Malawi. Tikulemba kalatayi kumayambiriro kwa 2021, pomwe masiku amenewa akutipeza tili pakati pa mliri wa COVID-19. Pa 12 Januwale 2021 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, tsiku lomwe tidataya nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia. A Mia anali a unduna wa zamtengatenga, womwe umayang'anira maboti. Pa 17 Januwale kudabwera malamulo ena: masiki pagulu, misika kutseka 5 koloko madzulo, anthu asapitirire 50 pamsonkhano, ndipo munthu asamangoyendayenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa.

Malamulowa adalembedwa poganizira misika ya m'tauni, matchalitchi ndi malo omwera mowa. Doko lilibe chipata. Padoko pakuchitika ziwiri. Ena akungonyozera malamulowa, akuunjikana anthu makumi awiri kukankha boti limodzi monga kale. Ena akuopa kuitana amisiri, kapena ndalama zawathera chifukwa malonda a nsomba sadayende bwino, ndiye akuti boti lilowe m'madzi momwe liliri, tidzakonza tikapha nsomba. Achiwiriwa ndiwo akutidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa wolowa ku Mbenji mu Epulo amakumana ndi mwera pasanathe milungu yambiri. Ntchito yonse yokonza boti itheka ndi anthu awiri kapena atatu, bola iyambe msanga ndipo igawidwe m'masiku.

Boti la matabwa lomwe lakhala pamtunda nyengo ya mvula limawonongeka malinga ndi momwe lidagonekedwera. Losiyidwa chagada limasunga madzi a mvula, ndipo limaolera mkati, pomwe nthiti zakumana ndi msana. Lovundikiridwa kapena losungidwa pansi pa denga limauma, matabwa nkusiyana. Logona padothi popanda mitengo pansi, yang'anani chiswe. Musakhulupirire penti. Tengani sikuludiraiva mubaye nthiti iliyonse m'munsi mwake, msana wonse, ndi thabwa lakumbuyo lomwe limanyamula injini. Ikalowa mosavuta kupitirira theka la sentimita, mtengowo watha, ndipo phula silichiza kuola. Thabwa lakumbuyo lisakhale ndi chifundo: injini ya 40 HP imalemera pafupifupi makilogalamu 70, ndipo ikamakankha boti mphamvu yonse imathera pamenepo. Likakhala lofewa pomwe zomangira injini zimaluma, lichotsedwe. Mlombwa ndi mbawa zikusowa ndipo zakwera mtengo, ambiri akukhoma paini. Paini si mlandu, koma saupirira madzi ngati mlombwa, choncho boti la paini limafuna kubayidwa chaka ndi chaka.

Misomali nayo ili ndi chizindikiro chake. Mzere wa dzimbiri wotsika kuchokera pamutu wa msomali ukutanthauza kuti mkati wadyeka. Menyani thabwa pang'ono ndi hamala. Lomwe lasiyana ndi nthiti limalira mopepuka. Khomani msomali wina pambali pake, wagalivanaizi, mutayamba mwaboola kabowo kocheperako kuti thabwa lisang'ambike. Misomali wamba yomangira nyumba ndi yotchipa lero, koma chaka chamawa mudzagulanso.

Pomata mipata ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Thonje kapena chingwe chakale chomwe chafumbutuka chichotsedwe chonse, mpata uume, kenako mukhome chatsopano ndi tchizulo chobuntha musanathire phula lotentha. Koma boti likakhala louma kwambiri musakhome mothinitsa. Matabwa akalowa m'madzi amatupa, ndipo akasowa kotupira amakankhana, misomali nkuzuka, thabwa nkupindika. Kwa masiku awiri kapena atatu musanalowetse, yalani masaka onyowa pansi pa boti mkati, muzithira madzi m'mawa ndi madzulo. Musalidzaze madzi lili pamtunda poti muone podontha. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo boti lidakhomedwa kuti madzi azilikankha kuchokera kunja; madzi a mkati amakankhira matabwa kunja, kuwachotsa pa nthiti. Masentimita asanu okha akwana kuonetsa podontha. Omata ndi fayiba akumbuke kuti sigwira pathabwa lonyowa kapena lomwe lili ndi phula, ndipo mankhwala oumitsa ndi mamililita 10 mpaka 20 pa lita imodzi ya rezini. Kunyanja kumatentha, yambani ndi 10, apo ayi iuma m'chitini musanamalize kupaka. Bwato wosema zake nzochepa: mng'alu ubooledwe kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire, kenako chigamba cha lata chokhala ndi phula pansi, misomali yaifupi motalikirana masentimita awiri kapena atatu.

Injini yomwe yagona miyezi itatu isalizidwe ndi petulo wotsala chaka chatha. Petulo akakhalitsa amasiya utomoni m'kabuleta, ndipo thanki yosadzaza imachita thukuta mkati, madzi nkukhala pansi. Khuthulani thanki, tsukani sefa, masulani kasikulu ka pansi pa kabuleta kuti zotsalira zituluke. Injini ikamalira pokhapokha mutakoka choko, kabowo kakang'ono ka m'kabuleta katsekeka. Katsukeni ndi petulo ndi mpweya, osati ndi waya, chifukwa waya amakulitsa bowo ndipo injini imayamba kumwa mafuta. Payipi ya mafuta ndi kampira kopopera zikauma nkuchita ming'alu zimayamwa mpweya, injini nkumazima pakati pa nyanja popanda chifukwa chooneka. Injini za Yamaha Enduro, zomwe zili mbwee m'madoko athu, zimafuna oyilo wa two-stroke muyezo wa 50 kwa 1: mamililita 400 pa malita 20 a petulo, kapena 500 pa thanki ya malita 25. Yatsopano kapena yomwe yangomangidwa kumene imayamba ndi 25 kwa 1. Oyilo wa galimoto samapsa bwino m'menemo, amadetsa mapulagi ndi kumata mphete za pisitoni. Mapulagi akhale a nambala yomwe buku la injiniyo likunena; a NGK omwe nambala yake imathera ndi 10 mpata wake ndi milimita imodzi. Awiri apadera ndi sipanala yake zizikhala m'boti, m'botolo lotseka.

Kumunsi, masulani sikulu ya pansi pa giyabokosi muone oyilo. Akatuluka woyera ngati mkaka, madzi alowa, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi ulusi wa ukonde kapena wa mbedza womwe udakulungika kuseri kwa pulopela nkudula silo, kampira kotchinga madzi. Chotsani pulopela, dulani ulusiwo, sinthani silo, pakani girisi pa shafiti, ndipo pini yotsekera nati ikhale yatsopano. Oyilo wa giya ndi SAE 90, amalowetsedwa pabowo lapansi mpaka atulukire lapamwamba, ndipo mumayamba kutseka lapamwambalo. Mukathirira pamwamba mumatsekera mpweya mkati, magiya nkumayenda ndi oyilo wosakwana. Impela, kampira kopopa madzi oziziritsa injini, kamauma kakakhala osagwira ntchito ndipo mchenga wa m'madoko osaya ngati a ku Chilwa umakadya msanga. Kasinthidwe kamodzi pachaka. Injini iyesedwe mumgolo wa madzi, madziwo atakwirira mabowo oyamwira, osati pamtunda pouma ngakhale kwa kamphindi, chifukwa impela imapsa nthawi yomweyo. Ikalira, onani ngati ikukodza, kutanthauza kutulutsa timadzi toziziritsa pakabowo kake. Ikapanda kutero zimitsani. Nthawi zina ndi mavu chabe omwe amata dothi pakabowo, koma musaganizire, tsimikizani.

Zonsezi mmisiri mmodzi ndi womuthandiza atha kuchita pabwalo, pamphepo, atavala masiki, popanda gulu loonerera. Zomwezi zikukhudzanso maboti onyamula alendo ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay, omwe ambiri adakhala osayenda ndege zitaimitsidwa mu Epulo 2020. Awo awonjezere kuyesa mabatire ndi zingwe za chiwongolero, zomwe zimagwira dzimbiri zikakhalitsa.

Tsiku lolowetsa boti ndilo limasonkhanitsa anthu. Boti la mamita 7 kapena 8 likamakhwekhwerezedwa pamchenga limafuna chigulu, onse ataphatikana mapewa, akupuma mwamphamvu ndi kufuula nyimbo yokokera, ndipo matendawa amayenda mumpweya womwewo. Njira ilipo. Pezani zipika zinayi zowongoka za bulugamu, zonenepa masentimita 10 mpaka 15, zotalika kuposa mimba ya boti. Pamchenga wofewa yalani matabwa awiri ngati njanji kuti zipika zisamire. Tsitsani zonse: injini, ukonde, nangula, mabatire a nyali. Boti lopanda katundu likakwera pazipika, anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi alikwanitsa, aliyense pamalo pake motalikirana, mmodzi ntchito yake ikhale kutola chipika chotsala kumbuyo nkukachiika kutsogolo. Potsetsereka mangani chingwe kumutu kwa boti, muchizungulize pamtengo kuti lizitsika pang'onopang'ono. Munthu asaime kumunsi kwa boti, ndipo zala zisayandikire chipika chikamagubuduka. Ana achoke. Injini ibwere payokha, mutu wake uli pamwamba kuposa pulopela kuti madzi otsalira asabwerere m'masilinda, ndipo ikamangidwa ikhalenso ndi chingwe chachiwiri chomangirira kuboti.

Likalowa, lisapite kokapha tsiku lomwelo. Limangidwe pamadzi ofika m'chiuno usiku umodzi kapena uwiri. Kudontha kwa tsiku loyamba nkwachibadwa, koma kuyenera kumachepa. Kapani madzi onse, dikirani ola limodzi, muyeze ndi ndowa zomwe zalowa. Mawa lake mubwerezenso. Ngati muyezo sukutsika, vuto si kuuma kwa matabwa, libwerere kumtunda.

Kwa makomiti a m'madoko, kaya ndi ku Kachulu, ku Mchenga kapena ku Chikombe komwe amawolokera ku Mbenji: lamulo la zausodzi la 1997 lidatsegula njira yoti asodzi eni ake aziyendetsa madoko pamodzi ndi boma, ndipo ino ndi nthawi yoigwiritsa ntchito. Lembani maboti onse, muwagawire masiku ndi maola sabata yathunthu tsiku lotsegulira lisanafike, maboti awiri kapena atatu pa ola, motalikirana. Kulowetsa boti m'madzi si kupha nsomba. Bola zida zikhale kumtunda mpaka tsikulo. Zipika zikhale za komiti, aliyense azibwereka. Ndowa za mpopi ndi sopo ziikidwe pomwe njira yochokera kumudzi yafikira padoko ndi pogulitsira nsomba, ndipo pakhale wozidzaza, chifukwa ndowa youma taziona zambiri. Popukuta mabeseni, masikelo ndi mabenchi, theka la lita ndi pang'ono la Jik wa 3.5 peresenti mu malita 20 a madzi likwana, koma asakhudze injini chifukwa klorini amadya chitsulo. Sanitaiza ndi mowa woyaka, asayandikire pothira petulo kapena pamoto wosungunulira phula. Masiki yonyowa sigwira ntchito, choncho mlovi aliyense akhale ndi ziwiri, ina m'jumbo.

Tinene zoona, m'boti la ukonde wa chilimira simungatalikirane mita imodzi pokoka ukonde, ndipo m'zimbowera (tinyumba toyandama ta asodzi) za pa Chilwa anthu amagona mothithikana. Chotheka nchakuti gulu likhale lomwelo nyengo yonse: siginala (wotsogolera gulu posaka nsomba) ndi alovi ake asamadumphe lero boti ili, mawa lina. Wotsokomola, wotentha thupi kapena wosamva fungo atsale, apite kuchipatala, ndipo mwini zida amusungire gawo lake. Mlovi yemwe akudziwa kuti kutsala ndi kugona ndi njala adzabisa matenda.

Ku boma tikupempha ziwiri. Usipa umaphedwa usiku ndi nyali, maboti amakocheza mbandakucha, ndipo amayi ogula nsomba amanyamuka kunyumba kukali mdima. Anene poyera, pawayilesi ndi m'Chichewa, momwe lamulo la 9 koloko mpaka 5 koloko likukhudzira asodzi ndi ogula, kuti apolisi ndi makomiti amve chimodzi. Chachiwiri, alangizi a zausodzi ndi oyeza maboti abwere kumadoko pamasiku olengezedwa kudzapereka ziphaso, m'malo moti eni maboti adzazane m'maminibasi kupita kuboma. Akabwera ayang'anenso zomwe zimaiwalika chaka chilichonse: nkhafi zosachepera ziwiri, zokapira madzi ziwiri zomangidwa ndi chingwe, nangula wokhala ndi chingwe chokwanira, tochi, foni yokulungidwa m'pulasitiki, ndi majekete oyandamitsa okwanira onse okwera. Jekete iyesedwe poivala nkulowa nayo m'madzi ofika pachifuwa. Yomwe yang'ambika malamba kapena yamwa madzi itayidwe.

Amisiri okonza maboti ndi injini,
Salima