Mwana wanga walawa ndalama, akukana kubwerera kusukulu

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Limbuli kuno ku Mulanje. Ndimathyola tiyi ku esiteti, koma chilimwe chino masamba ndi ochepa moti aganyu ambirife tangokhala pakhomo.

Nkhani yanga ndi ya mwana wachisamba, mnyamata wa zaka 13. Anali Sitandade 6 pomwe boma linkatseka sukulu pa 23 Malichi chaka chino cha 2020 chifukwa cha korona. Poyamba ankatsegulako makope ake. Titamva zoti pa MBC akuphunzitsa ana a pulayimale tinayesa ndithu, koma wailesi pakhomo pano ndi imodzi, ndipo inali nyengo ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni. Bambo ake ankalawira nayo, pobwera mabatire atatha. Misonkhano ya ndale inkadzaza anthu opanda ndi masiki omwe, ana athu okha ndiwo ankati angapatsirane matenda. Koma zimenezo ndizisiye.

Atatopa ndi kukhala, anayamba kutsatira anzake kumsika. Amasenza matumba a chimanga ndi nandolo a mavenda, tsiku labwino amabwera ndi K1,500. Ndalamayo ndi imene ikutigulira ndiwo, sopo ndi kulipira kuchigayo. Madzulo amaiika pamphasa mokhala ngati bambo wapakhomo, ine n'kulandira.

Tsopano a Sitandade 8 anayamba pa 7 Seputembala 2020, ndipo enawa akuti atsegulira pa 12 Okutobala. Nditamuuza kuti tichape yunifolomu, anandiyankha kuti, "Amayi, ankolo anamaliza Folomu 4 koma ali pakabaza. Ine kusukuluko ndikatengeko chiyani?" Ndinasowa chonena.

Komabe ine ndikuona kuti vuto si ndalama yokha. Chiyambireni Sitandade 5, pomwe maphunziro amasanduka a m'Chingerezi, mwanayu wakhala akuvutika, ndipo m'kalasi mwawo ndi odzaza moti aphunzitsi sangamuone payekha. Sabata yatha mnzanga wina anamupatsa pepala lakuchipatala kuti amuwerengere. Analiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikungogwedera, kenako anati dzuwa likumuthobwa m'maso, n'kuchokapo. Makope ndinawapeza atathothola mapepala, akuti ankakulungira mtedza. Mawu ake asintha, kabudula wa yunifolomu sakumukwananso. Ndikuganiza kuti akuopa kukasekedwa ndi tiana tomwe akutiposa msinkhu. Masiku ena amafika kutada, ndipo tsiku lina malaya ake ankanunkha fodya.

Mlongo wake wa Sitandade 2 naye wayamba kunena kuti ngati achimwene sapita, iyenso sapita. Uyu ankakonda sukulu, makamaka chifukwa cha phala, ndipo ankawerenga "ba be bi bo bu" mofuula pakhonde. Lero zilembo zina waziiwala.

Pakhomo sitikugwirizana. Bambo ake akuti mwamuna amadya thukuta lake, timusiye. Achimwene anga, omwe ndi eni mbumba, akuti akwapulidwe basi, apo ayi atitengera kwa amfumu. Ine chikwapu sindikuchikhulupirira. Mwana amene wadziwa njira ya ku Muloza mukamumenya akhoza kuwolokera ku Mozambique osabweranso.

Ndiye ndithandizeni, Azakhali. Ndikalankhule ndi ahedi kuti abwerere Sitandade 5 akagwire bwino Chingerezi, kapena zimenezo zingomuwonjezera manyazi? Ndimulole azipita kumsika Loweruka lokha, kapena kutero n'kumusiyira khomo lothawira? Nanga ndiyambira pati kumuuza kuti asiye ganyu, pomwe akudziwa kuti nsima ya dzulo tinadyera usipa wogula ndi ndalama yake?

Mayi wothedwa nzeru,
Mulanje